Agogo Akagwa n'Kuthyoka Fupa la M'chiuno: Mafunso ndi Mayankho

Kawirikawiri ngozi yake imachitikira pakhomo pomwepa. Agogo akutuluka m'bafa pa dothi lonyowa, kapena akutsika pakhonde m'bandakucha, kapena apunthwa pa muzu pochokera kudimba. Agwa chammbali, kudzuka kwakanika. Magazi palibe, bala palibe, ndiye apakhomo amati angobinya, tiwathowe ndi madzi otentha, mawa adzuka. Kukacha, agogo ali pamphasa pomwe paja. Sabata ikatha ayamba kutsokomola, chakudya akukana, ndipo kumatako kwayamba chilonda.

Banja likafika nawo kuchipatala, adokotala n'kutchula za opaleshoni, ana amayang'anana. Wina amati, "Munthu wa zaka 80, wa BP ndi shuga, timupereke ku mpeni? Bola tibwerere naye kumudzi." Mantha amenewa ndi omveka, ndipo amachokera m'chikondi. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe mabanja a kwa Kalindawalo, ku Petauke ndi ku Nyimba, amakhala nawo pa nthawi ngati imeneyo.

Kodi chimathyoka n'chiyani kwenikweni?

Ngakhale timati fupa la m'chiuno, lomwe limathyoka ndi fupa la ntchafu, kumtunda kwake, pa nyung'unyu pomwe mwendo umalumikizana ndi chiuno. Kumapeto kwa fupalo kuli mutu wozungulira ngati dzira, womwe umalowa m'kabowo ka fupa la chiuno. Mutuwo umagwirana ndi fupa lonse kudzera pa kakhosi kopapatiza, ndipo m'munsi mwa kakhosiko fupa limatambasuka kukhala phewa lalikulu lomwe mumalikhudza mukagwira m'mbali mwa chiuno chanu.

Malo othyokawo ndi awiri makamaka. Ena amathyoka pa kakhosi, ena pa phewa lija. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa cha magazi. Mitsempha yomwe imadyetsa mutu wa fupa imadutsa pa kakhosi pomwepo, choncho kakhosi kakathyoka n'kusuntha, mitsempha imaduka, mutu umasowa magazi, ndipo ukhoza kufa kapena kukana kulumikizana. Pa phewa pamakhala magazi ambiri, fupa limalumikizana, koma likapanda kugwiridwa bwino limalumikizana mokhota, mwendo n'kufupika.

Tingadziwe bwanji kuti athyoka, sanangobinya?

Agonekeni chagada, muyang'ane mapazi. Phazi la mwendo wovulala nthawi zambiri limagwera kunja, chala chaching'ono n'kutsala pang'ono kukhudza mphasa, ndipo chidendene chake chimakhala chakwera kuposa chinzake, ngati mwendowo wafupika. Ululu umamveka m'mphechepeche mwa ntchafu, nthawi zina mpaka pa bondo. Mukawauza kuti akweze mwendo osapinda bondo, amalephera.

Koma chenjerani. Pali ena omwe fupa limang'aluka osasuntha, ndipo amatha kudzikoka ndi ndodo kwa masiku angapo, mpaka tsiku lomwe fupalo limalekana. Wokalamba aliyense amene wagwa n'kumamva ululu m'mphechepeche kapena kulephera kuponda, akajambulidwe ekisire tsiku lomwelo.

Kugwa kochepa chotere kungathyole bwanji fupa lalikulu kuposa onse m'thupi?

Ganizirani nsichi yomwe chiswe chadya m'kati. Kunja imaoneka yolimba, koma kamphepo kochepa kaigwetsa. Munthu akamakalamba mafupa amapepuka ndi kuchita timabowo m'kati, matenda omwe madokotala amawatcha osteoporosis. Sapweteka, saoneka, amadziwika fupa likathyoka. Amayi ndiwo amakhudzidwa kwambiri, makamaka akasiya kusamba.

Zina zomwe zimafooketsa mafupa ndi kachasu ndi fodya, kuonda kwambiri, kukhala m'nyumba osawothera dzuwa, ndi kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone, omwe ena amangogula okha pofuna kuletsa nyamakazi. Kachilombo ka HIV nakonso kamafooketsa mafupa, ndipo tenofovir, yemwe ali m'gulu la ma ARV ofala, amachepetsako mphamvu ya mafupa mwa anthu ena. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala. Ndi nkhani yokambirana ndi achipatala, omwe amadziwa posintha ngati pakufunika kutero.

Bwanji osangoika chikhakha, kapena kuwagoneka mpaka fupa lilumikizane lokha?

Chikhakha chimathandiza pa mkono ndi pa msongolo, koma nyung'unyu ili m'kati mwa minofu yochindikala, chikhakha sichingaigwire. Chomwe chimatsala ndi kugona, ndipo kugona ndiye mdani wamkulu wa wokalamba.

Fupa lotere limafuna milungu 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ngati lingagwirane n'komwe. Mnyamata akhoza kupirira nthawi imeneyo pabedi, koma thupi la nkhalamba silipirira. Mapapo satambasuka bwino, makhololo amadzaza, chibayo n'kulowa. Khungu la kumatako ndi ku zidendene limaphwanyika, zilonda n'kuyamba kuola. Magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma chikathothoka n'kukatseka m'mapapo, munthu amapita mwadzidzidzi. Mikodzo imagwidwa ndi tizilombo. Minofu imasungunuka sabata ndi sabata, kotero kuti ngakhale fupa litagwirana, mphamvu zoimirira zimakhala zitatha.

N'chifukwa chake madokotala a mafupa amachita opaleshoni. Cholinga chake ndi chakuti wodwala achoke pabedi msanga, ululu uchepe, akhale tsonga, apume bwino, adye, ndi kuyambanso kuponda.

Koma agogo ali ndi BP, shuga ndi mtima wofooka. Opaleshoni siwapha?

Tisanamizane, kuthyoka kumeneku n'koopsa ngakhale m'mayiko olemera. Malangizo omwe bungwe la NICE la ku England linatulutsa mu 2011 ananena kuti mwa anthu 10 othyoka m'chiuno, pafupifupi mmodzi amamwalira mwezi usanathe, ndipo mwa atatu alionse, pafupifupi mmodzi amamwalira chaka chisanathe. Ambiri mwa iwo amafa ndi matenda omwe anali nawo kale ndiponso omwe amabwera chifukwa cha kugona.

Choncho funso lenileni ndi lakuti: choopsa kwambiri n'chiti, ola limodzi kapena awiri ku fiyeta, kochitira opaleshoni, kapena miyezi iwiri pabedi? Kwa okalamba ambiri, kuphatikizapo a BP ndi shuga, choopsa kwambiri ndi bedi. Munthu wa mapapo ofooka ndiye amene chibayo chimamupeza msanga akagonekedwa. Matenda omwe banja limawaona ngati chifukwa chokanira opaleshoni, nthawi zambiri ndiwo chifukwa choifulumizitsa.

Asanalowe ku fiyeta, achipatala amakonza zomwe zingakonzeke m'maola ochepa: kuika diripi ngati thupi lauma, kuwonjezera magazi ngati achepa, kutsitsa shuga, kuona mmene mtima ukugundira, kuyamba mankhwala a chifuwa. Safuna kuti agogo akhale ngati mtsikana wa zaka 20. Amangofuna afike poti angapirire. Alipo ochepa omwe matenda awafikitsa kumapeto kwa moyo, ndipo kwa iwo dokotala ndi banja angagwirizane zongoletsa ululu ndi kuwasamalira mwaulemu. Chigamulo chotere chimachokera pa kupima thupi la munthuyo. Zaka zokha sizokwanira kumukanira opaleshoni.

Ku fiyeta amachitako chiyani?

Zimatengera pomwe pathyoka. Ngati kakhosi kang'aluka koma sikanasunthe, dokotala akhoza kukamanga ndi masikulu awiri kapena atatu podzera pa kabala kakang'ono.

Ngati kakhosi kathyoka n'kusuntha, kwa wokalamba sataya nthawi ndi mutu womwe wasowa magazi. Amauchotsa n'kuikapo wachitsulo, wokhala ndi mchira womwe umalowa m'kati mwa fupa la ntchafu. Opaleshoniyi amaitcha hemiarthroplasty. Chitsulo chakale cha mtundu umenewu chimadziwika ndi dzina la dokotala wa ku America, Austin Moore, ndipo chakhala chikugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1950. Kwa wokalamba wamphamvu, woyenda maulendo ataliatali yekha, nthawi zina amasintha mutu ndi kabowo komwe, njira yomwe John Charnley anaikhazikitsa ku Wrightington, ku England, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960.

Ngati pathyoka ndi pa phewa, mutu sauchotsa. Amalowetsa sikulu yaikulu mpaka m'mutu wa fupa n'kuimangirira ku chitsulo chaphanthiphanthi chomwe chimagona m'mbali mwa fupa, kapena amalowetsa msomali wautali m'kati mwa fupa momwe mumakhala mafuta. Zitsulozi sizichita dzimbiri, ndipo nthawi zambiri zimakhala m'thupi moyo wonse.

Timaopa mankhwala ogonetsa. Bwanji akapanda kudzuka?

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi yogonetsa munthu yense. Ina ndi jakisoni wa pamsana, yemweyo amene amabaya amayi pa opaleshoni yobereka, ndipo wodwala amachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, koma ali maso ndipo akupuma yekha. Kafukufuku wotchedwa REGAIN, yemwe anatsatira odwala 1,600 ku United States ndi ku Canada ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti patatha masiku 60 panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa njira ziwirizi pa chiwerengero cha omwe anali moyo ndi kuyenda. Wogonetsa odwala amasankha poona mtima, mapapo ndi mankhwala omwe munthuyo amamwa.

Apa banja lili ndi ntchito. Tengani mankhwala onse omwe agogo amamwa, m'mapaketi mwake, pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Nenani ngati amamwa aspirin kapena warfarin, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Ngati mwawamwetsa mankhwala azitsamba, nenani osachita manyazi. Nenaninso nthawi yomwe anadya komaliza.

Opaleshoni iyenera kuchitika liti?

Malangizo a ku England aja amati tsiku lomwe wodwala wafika kapena tsiku lotsatira. Madokotala a mafupa a ku America amati pasanathe maola 24 mpaka 48. Kafukufuku wina, HIP ATTACK, wa odwala 2,970 m'mayiko 17, yemwe anatuluka mu 2020, anayerekeza opaleshoni yochitika patatha maola pafupifupi 6 ndi yochitika patatha maola pafupifupi 24. Pa imfa panalibe kusiyana kwenikweni, koma omwe anathandizidwa msanga anasokonezeka mutu mochepa, anadzuka msanga ndipo anatuluka m'chipatala msanga.

Kwathu kuno vuto silikhala la maola 6 ndi 24. Limakhala la masiku omwe amatayika kumudzi, podikira kuti kutupa kuphwe, podikira mwana wa ku Lusaka kapena ku Copperbelt atumize ndalama, podikira amalume abwere adzagamule. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Zokambirana za banja zichitike pa foni, agogo ali kale panjira. Ndipo ngati masiku apita kale, musati mwachedwa basi. Pitanibe, chifukwa thandizo limakhalapo.

Tiwanyamule bwanji, ndipo tipite nawo kuti?

Musawaimiritse, musawakhazike pa njinga yamoto, musakoke mwendo pofuna kuuwongola. Ikani bulangeti lopinda pakati pa miyendo, mangani miyendo yonse iwiri pamodzi ndi zitenje pa mawondo ndi pa akakolo, kenako agonekeni pa chitseko choyalapo matiresi. Ngati ndi ngolo, ng'ombe ziyende pang'onopang'ono. Panado angathandize panjira. Afunditseni, chifukwa wokalamba amene wagona pansi nthawi yaitali amazizidwa msanga.

Kiliniki ya pafupi ikhoza kuletsa ululu ndi kulemba kalata yokutumizani, koma ekisire ndi fiyeta zili ku zipatala zazikulu. M'dera lino muli chipatala cha boma cha Petauke, cha Nyimba, cha mishoni cha Minga, ndi Kalindawalo General Hospital. Kupitirira apo kuli St Francis ku Katete, Chipata Central Hospital, ndi University Teaching Hospital ku Lusaka, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke, kuwoloka mlatho wa Luangwa. Madokotala a mafupa ndi ochepa m'Zambia ndipo ambiri ali m'mizinda. N'chifukwa chake Professor John Jellis anayambitsa bungwe la FlySpec mu 1982, kuti akatswiri aziuluka pa ndege yaing'ono kukachita maopaleshoni m'zipatala zakumidzi.

Tsiku loyamba lomwelo, funsani adokotala mwaulemu mafunso atatu: pathyoka ndi pati, opaleshoni yake ingachitike pano ndipo chitsulo chilipo, nanga ngati ayi, mutitumiza kuti ndipo liti? Funsaninso za magazi. Fupa lothyoka pa phewa limataya magazi ambiri m'kati mwa ntchafu osaoneka kunja, ndipo achibale athanzi akapereka magazi ku nkhokwe amathandiza wodwala wawo ndi enanso.

Nanga opaleshoni ikakanika, kapena ikachedwa?

Amene analowapo mu wodi ya mafupa amadziwa mabedi aja okwezedwa kumiyendo, chingwe chochokera ku mwendo chikudutsa pa kagudumu, kumapeto kwake kukulendewera chitsulo cholemera. Kumeneko ndi kukoka mwendo kuti fupa likhale m'malo mwake. Pa phewa, njirayi ikhoza kugwiritsa fupa. Pa kakhosi kosuntha siigwiritsa. Pamene chitsulo palibe ndipo ululu wakula, dokotala nthawi zina amangochotsa mutu wa fupa osaikapo china, opaleshoni yodziwika ndi dzina la Girdlestone. Mwendo umafupika ndipo munthu amatsimphina, koma ululu umachepa ndipo amatha kukhala tsonga ndi kuyenda ndi ndodo.

Pa nthawi yonse yodikira, wodwazika matenda ndiye mankhwala aakulu. Motsogozedwa ndi anamwino, azisintha kagonedwe ka wodwala pa maola awiri alionse, usiku womwe. Aziika kansalu kopinda pansi pa katumba kuti chidendene chisakhudze matiresi. Aziyang'ana kumatako tsiku ndi tsiku, ndipo akaona pofiira kapena pakuda mosiyana ndi khungu lonse, anene nthawi yomweyo. Nsalu zikhale zouma, zopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya. Agogo azipuma mozama kangapo pa ola, azitsokomola, azigwedeza mapazi, azimwa madzi okwanira, ndipo phala likhale lotendera nsinjiro, ndi dzira kapena mkaka zikapezeka.

Kumudzi kuli odziwa kulunga mafupa. Sangathandize?

Mafupa ambiri a m'thupi amagwirana okha akangopumitsidwa, ndipo n'chifukwa chake olunga mafupa amatchuka. Mkono wa mwana umapola, ulemu n'kupita kwa amene anamanga timitengo. Koma nyung'unyu simangika ndi timitengo, ndipo mankhwala opaka kapena otemera safika pa mitsempha yoduka m'kati. Mphini zimatsegula khomo la tizilombo pa khungu lomwe dokotala adzafune kucheka, ndipo zikatukusira opaleshoni imachedwa. Kutikita ndi kukoka kumasuntha fupa lomwe linali litangong'aluka. Choipa koposa, milungu imapita.

Chiyambire kugwa, agogo akubwebweta, akuona anthu omwe palibe. Kodi alodzedwa?

Ayi. Ndi kusokonezeka mutu komwe kumagwira okalamba ambiri othyoka m'chiuno, opaleshoni isanachitike kapena itachitika. Kumabwera chifukwa cha ululu, kuuma kwa thupi, kuchepa kwa magazi, tizilombo ta m'mikodzo kapena m'chifuwa, kudzimbidwa, mankhwala ena, ndi kugona malo achilendo. Kumakula usiku. Ena amakuwa ndi kuzula diripi, ena amangoti zii, kumangogona.

Tikudziwa kuti m'midzi mwathu nkhalamba ikayamba kutchula mayina a anthu akufa pakati pa usiku, ena amathamangira kunena kuti ikuulula ufiti. Kumeneko ndi kulakwira munthu wodwala. Uzani anamwino kuti afufuze chomwe chayambitsa. Pakhale nkhope yomwe agogo amaidziwa, yowalankhula m'chinenero chawo, kuwakumbutsa komwe ali ndi tsiku lake. Magalasi awo a maso akhale pafupi. Chomwe chayambitsa chikachizidwa, nthawi zambiri mutu umabwerera m'malo.

Opaleshoni yatha. Adzayendanso?

Ambiri amayenda, ngakhale si onse amene amabwerera pomwe anali. Ena amatsala ndi ndodo moyo wonse. Musadabwe a mafizo, omwe amaphunzitsa odwala kuyendanso, akabwera tsiku lotsatira n'kunena kuti agogo akhale m'mphepete mwa bedi, kenako aime. Achibale amaona ngati nkhanza, koma kudzuka msanga kumeneko ndiye phindu lonse la opaleshoni.

Konzani pakhomo asanatuluke. Munthu amene waikidwa mutu wachitsulo sayenera kunjuta m'milungu yoyamba, chifukwa mutuwo ukhoza kuguluka. Tsono taganizirani moyo wa kumudzi: chimbudzi n'chonjuta, pogona ndi pamphasa, pokhala ndi pa kampando kofika m'akakolo. Uzani kalipentala aboole mpando wamatabwa pakati, muuike pa dzenje la chimbudzi, pambali pake muzike mtengo wogwira. Pezani bedi lofika m'mawondo ndi mpando wautali wokhala ndi mogwira. Bala likayamba kutuluka mafinya, thupi likatentha, mwendo ukatupa, kapena agogo akayamba kubanika, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga za ndalama?

Ngati agogo analembetsedwa ku inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, paokha kapena kudzera mwa mwana wawo wapantchito, tengani khadi ndi chitupa cha NRC, ndipo funsani ku ofesi ya chipatala zomwe inshuwalansi ikulipira, makamaka pa chitsulo. Mabanja osowa afunse a Social Welfare. Zomwe zimadya ndalama mwakachetechete ndi mayendedwe ndi chakudya cha wodwazika. Mutu umodzi susenza denga: gawanani msanga, wina ndalama, wina kugona kuchipatala, wina kusamala munda.

Tingapewe bwanji kuti zisachitike, kapena zisabwerezenso?

Wothyoka kamodzi ali pa chiopsezo chachikulu chothyokanso. Funsani adokotala za mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, komanso calcium ndi vitamin D. Pa mbale pazikhala kapenta wodyedwa ndi minga yomwe, mkaka, nyemba, bonongwe ndi chibwabwa. Agogo aziwothera dzuwa ndi kuyendayenda, chifukwa kuwaletsa ntchito zonse kumawafooketsa. Maso akachita ng'ala akapimidwe, poti ng'ala imachotsedwa. Ngati amachita chizungulire akadzuka, mankhwala a BP awunikidwenso. Salazani njira ya kuchimbudzi, thirani mchenga kapena timiyala m'bafa, konzani sitepe ya pakhonde mvula isanayambe, ndipo tochi izigona pafupi ndi mutu wawo.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi uliwonse wa kwa Kalindawalo umadziwa zomwe umataya nkhalamba ikapita. Tsiku lomwe amayi anu, atate anu kapena ambuya anu agwa n'kulephera kuponda, yang'anani phazi, mangani miyendo, zulani chitseko, nyamukani. Za ukalamba wawo akaweruze ndi adokotala atawapima.